NSAPATO ZA MAPAZI OTUPA PA ULENDO WA PANJINGA NDI PANGOLO

Tsiku lina m'mwezi wa Novembala, dzuŵa lili paliombo, ngolo ya ng'ombe inaima pansi pa mtengo wa mango pa chipatala china chaching'ono cha kuno kumadzulo kwa Lilongwe, kumene ndinapita kukayendera zitsime ndi zimbudzi za m'midzi yozungulira. M'ngolomo munali bambo wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwenikweni, miyendo ili lendelende kunja. Kumapazi anavala nsapato za jombo, zachikopa, zazitali kufika pamsongolo, zopanda zingwe, zimene mwana wao anawatumizira kuchokera ku Joni. Atafuna kutsika, analephera kuponda pansi. Anyamata aŵiri anayesa kukoka nsapato ya kumanja, koma sinasunthe, pakuti phazi linali litatupa ndi kudzaza nsapato yonse.

"Bambo, mutilole ting'ambe nsapatoyi ndi lumo," anatero anamwino.

"Iyai mai, zimenezo ndiye ai. Mwezi sunathe chilandirire nsapato zimenezi. Nanga mwanayo ndikamuuza kuti chiani?"

Anakanirira nthaŵi yaitali, kufikira akazi ao atatsika m'ngolo nati, "Abambo, aloleni anthuŵa agwire ntchito yao. Za mwanayo ndikanena ndine."

Nsapato itang'ambidwa, tinapeza chilonda pa chala chaching'ono ndi china pa chidendene, zonse ziŵiri zikutuluka mafinya, koma eni ake sanali kumva kuŵaŵa kulikonse. Atapimidwa magazi anapezeka ndi matenda a shuga, amene anali atawachititsa dzanzi kumapazi iwo osadziŵa. Zilondazo zinatenga miyezi itatu kuti zipole, ndipo fodya wao chaka chimenecho anaoka ndi kupalira ndi akamwini.

Nsapato zija zinalibe chilema. Kwa mnyamata wa mapazi abwino zikanakhala zaka zambiri. Koma phazi lotupa silikhala chimodzimodzi tsiku lonse: m'maŵa limaphwa, masana limakula, ndipo pa ulendo wautali wa nyengo yotentha limakula koposa. Nsapato imene siingathe kumasulidwa kuti itsate kukula kumeneku imayamba kudya phazi. Ambiri a inu amene mukuŵerenga nkhani ino pa benchi la chipatala mwabwera panjinga, pangolo, pa njinga yamoto ya kabaza kapena pabulu, ndipo ena mwavula nsapato panjira chifukwa zinayamba kuluma. Tiyeni tione chimene chimachitika kuphaziko, ndi mmene tingasankhire chovala choyenera.

KUTUPA KUMACHOKERA KUTI?

Mtima umatumiza magazi kumapazi mosavuta, popeza njira yake ndi yotsetsereka. Kubwerera kwake ndiko chitunda. Chimene chimathandiza magazi kukwera chitunda chimenechi ndi akatumba a kuseri kwa msongolo, amene amafinya mitsempha nthaŵi iliyonse munthu akaponda, monga mmene mjigo umakwezera madzi wina akamapopa. Palinso timitsempha tina tating'onoting'ono tonyamula madzi a m'thupi, timene timadutsa m'mphechepeche, paja pamatupa mwanabere. Njira ziŵirizi zikafooka, kapena madzi akachuluka m'thupi, madziwo amadikha pamalo otsikitsitsa, ndiwo akakolo ndi mapazi.

Mungathe kudziyesa nokha. Kanikizani ndi chala chachikulu pamsongolo, pamwamba pang'ono pa kakolo, muŵerenge kufikira khumi, ndipo muchotse chalacho. Pakatsala kadzenje kochedwa kubwerera, dziŵani kuti m'mwendomo muli madzi.

Kutupa si matenda paokha, ndi chizindikiro chabe, ndipo eni ake a chizindikirochi ndi ambiri. Miyendo ikatupa yonse iŵiri timaganizira za mtima wofooka, impso, chiŵindi choonongeka ndi moŵa kapena ndi likodzo la m'matumbo lokhalitsa, ndiponso kuchepa kwa magazi. Timafunsanso za mankhwala amene munthu akumwa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 kufikira 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri a iwo amene ali pa mankhwala amalandira mapiritsi a amlodipine, ndipo mapiritsi ameneŵa, ngakhale ndi abwino, amatupitsa akakolo mwa anthu ena. Ngati mapazi anayamba kutupa mutayamba mapiritsiŵa, musawasiye panokha. Kanenani kwa adokotala, iwo ndi amene angachepetse kapena kusintha.

Ukatupa mwendo umodzi wokha timaganizira za chilonda chimene chaloŵa tizilombo, magazi oundana mumtsempha, timitsempha ta madzi tija titatsekeka, kapena khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi, imene imabwera ndi madontho akuda otukuka ndi kuumitsa mwendo.

Pali anthu ena amene sayenera kutaya nthaŵi ndi nkhani ya nsapato. Mai woyembekezera amatupa mapazi pang'ono miyezi yomalizira, ndipo zimenezo sizidabwitsa. Koma akatupanso manja ndi nkhope, mutu n'kumaŵaŵa kwambiri, maso n'kumaona chimbuuzi, apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale tsiku lake la sikelo lisanafike, pakuti mapeto ake kungakhale kukomoka ndi kutaya moyo wa mai ndi wa mwana. Mwana wamng'ono wotupa mapazi onse aŵiri sananenepe ai, akudwala matenda osoŵa zakudya m'thupi, ndipo afunika kupimidwa ndi kulandira chithandizo msanga. Chimodzimodzi munthu amene mwendo umodzi watupa mwadzidzidzi n'kumaŵaŵa m'katumba, ndi amene akubanika akagona chagada kufikira kumagona chokhala. Zengerezu adalinda kwaukwau. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, chipatala cha Kabudula, ndi zipatala zing'onozing'ono za ku Nsaru ndi ku Nambuma zilipo chifukwa cha zimenezi, ndipo chimene chawakulira amatumiza ku Kamuzu Central Hospital mumzinda wa Lilongwe.

WOPALASA NDI WOKWEZEDWA

Anthu ambiri amadabwa ndikawauza kuti pa anthu aŵiri amene ali panjinga imodzi, amene mapazi ake ali pa ngozi ndi wokwezedwa. Wopalasa amatopa ndi kutuluka thukuta, koma akatumba ake akupopa njira yonse. Wokwezedwa wakhala phee, miyendo ili lende, chitsulo cha kaliyala chikumkanikiza kunsi kwa ntchafu, pamene pamadutsa mitsempha yobweza magazi. Amai, amene kaŵirikaŵiri amakhala chammbali miyendo yonse mbali imodzi, amavutika koposa. Achibale amaganiza kuti amchitira chifundo wodwala pomkweza, ndipo n'zoona, koma pofika ku chipatala phazi limene linaloŵa bwino m'nsapato m'maŵa limakhala litakana kutuluka. Pabulu ndi chimodzimodzi, popeza ife timakwera bulu wopanda popondera, ndipo kumbuyo kwa ngolo ndiye kunawachitikira bambo aja.

Kuonjezera pa kutupa, ulendo uli ndi ngozi zake. Chidendene chopanda chotchinga chimaloŵa m'masipoko. Pa njinga yamoto pali paipi yotulutsa utsi, kaŵirikaŵiri mbali ya kumanja, imene imatentha ngati chiwaya; ndaonapo anthu a mapazi adzanzi atapsa nayo osadziŵa, n'kuzindikira atafika poona thuza. Kwa woyendetsa ngolo pali chiboda cha ng'ombe pomanga goli. Khungu lotupa ndi lokokeka ndi lopyapyala, silichedwa kung'ambika ndipo limachedwa kupola.

Kuno akavalo ndi osoŵa, koma abale athu amene anagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa pamodzi ndi anthu a ku Lesotho amasimba kuti kumapiri a dziko limenelo kavalo ndiye njinga yao. Okwera akavalo ali ndi mwambo wa nsapato umene ungatiphunzitse kanthu. Amafuna nsapato yolimba pansi, yotseka zala, yokhala ndi chidendene chachifupi, kuti phazi lisapitirire m'chitsulo chopondapo n'kukodwa munthu akagwa. Zitatu zimenezi n'zofunikanso pa pedulo. Koma nsapato zao zazitali, zogwira katumba, zoloŵetsa mochita kukoka, ndizo zosayenera mwendo wotupa, ndipo okwera akavalo a miyendo yotupa amazisiya n'kuvala zazifupi za zingwe. Nsapato za bambo aja zinali za mtundu wautali womwewu.

KUKAGULA NSAPATO

Lamulo loyamba ndi la nthaŵi. Musagule nsapato m'maŵa. Pa tsiku la msika ku Nsaru, ku Mpingu kapena ku Namitete, yambani mwagula zina zonse, nsapato mukayese madzulo pamene phazi lafika pa ukulu wake. Yesani mapazi onse aŵiri, mutaimirira, mutavala masokosi amene mudzavalire nsapatozo, ndipo mugule potsata phazi lalikulu. Nambala yolembedwa pansi pa nsapato musaikhulupirire. Nambala imanena za kutalika, pamene phazi lotupa limakula m'mbali ndi pamwamba. Ndiponso nsapato za pa kaunjika zimachokera m'maiko osiyanasiyana amene saŵerenga mofanana.

Kaŵirikaŵiri wodwala sapita yekha ku msika, amatuma mwana. Pamenepo chitani motere. Madzulo, wodwala aimirire pa katoni, wina ajambule mozungulira phazi ndi pensulo yoimika chilili, ndipo adule katoniyo motsata mzere. Atengenso luzi kapena chingwe, azungulize phazi pamene lakula kwambiri namange mfundo, azungulizenso pamwamba pa phazi pafupi ndi kakolo namange mfundo yachiŵiri. Wotumidwa akafika ku msika aloŵetse katoniyo m'nsapato. Ikapindika m'mbali kapena kutsogolo, nsapatoyo ndi yaing'ono, ngakhale wogulitsa alumbire kuti idzatamuka. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa chala chachikulu cha kumanja chopingasa, ndiye kuti sentimita imodzi ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Njira ya katoni ndi yopanda mtengo, ndipo ndikanakonda ikanadziŵika m'mudzi uliwonse.

Mau akuti "idzatamuka" aononga mapazi ambiri. Chikopa chimatamukadi, koma chimene chimachitamula ndi phazi lomwelo, ndipo phazi lodwala limayamba kusupuka chikopa chisanagonje.

Chinthu chachikulu pa nsapato ya phazi lotupa ndi pakamwa pake. Ikhale yotseguka kwambiri kufikira pafupi ndi zala, kuti phazi lichite kuikidwa osati kukankhidwa, ndipo ikhale yomanga ndi zingwe kapena malamba, kuti muthe kumanga m'maŵa, kukhwefula masana ndi kukhwefulanso madzulo. Malamba a zibowo zingapo, onga lamba wa m'chuuno, amakhalitsa. Malamba omatirira aja, amene amalira pomasula, ndi osavuta kwa okalamba a zala zofooka, koma m'njira za kumudzi amadzaza chisoso ndi matope n'kuleka kugwira, motero afunika kuwachotsa zinyalala kaŵirikaŵiri. Malamba akhale aakulu m'lifupi. Kalamba kakang'ono kamaloŵa m'khungu lotupa monga chingwe chimaloŵera m'khosi mwa mbuzi.

Kutsogolo kukhale kotakata ndi kokwera, kuti zala zithe kugwedezeka. Kumbuyo kugwire chidendene. Pansi pakhale pokhuthala, posabooka ndi minga kapena ziputu, posaterera pa pedulo, ndi chidendene chosapitirira masentimita 2 kapena 3. M'kati mukhale mofeŵa. Musanalipire, loŵetsani dzanja m'nsapato mufufuze ponseponse: msoko wotukuka, msomali, kapena nsalu yopindika zimene dzanja lazimva ndizo zidzaboola phazi. Ya pa kaunjika muitembenuze muone pansi. Ngati inadyeka mbali imodzi, inazoloŵera mayendedwe a mwini wake woyamba ndipo idzapotoza anu. Mukafika nayo kunyumba muichape ndi sopo ndi kuiyanika padzuŵa kufikira iume.

Mapazi akasiyana kukula, nsapato ya phazi laling'ono muiikire kampira kofeŵa kodulidwa motsata katoni, osati mapepala kapena ziguduli zimene zimaundana. Pa mulu wa kaunjika nthaŵi zina mungapeze nsapato ziŵiri zofanana maonekedwe koma zosiyana kukula. Musachite manyazi kupempha zimenezo.

ZIMENE TILI NAZO KALE

Patapata ndiye nsapato ya aliyense, ndipo ndikudziŵa kuti wotupa mapazi amathamangira yomweyo chifukwa siithina. Pabwalo ndi kubafa ndi yabwino kuposa kuyenda chabe. Pa ulendo siithandiza. Kalamba kake kamadula pakati pa zala, pamene tizilombo timakonda kuloŵera; imavuka pa pedulo; chidendene chili pamtunda; ndipo ikaduka timaimanga ndi waya kapena msomali umene umathera m'phazi.

Nsapato zapulasitiki zotseka sizipitisa mpweya, sizitamuka, ndipo padzuŵa la Okutobala zimatentha. Majombo a mphira a kudimba ali ndi vuto lomweli, kuonjezapo lija la kukana kuvuka. Amene ali ndi dimba sangawasiye, ndipo m'matope amatetezadi phazi. Agule aakulu, avale ndi masokosi, avule akangotuluka m'dimba, atsuke mapazi ndi kuwapukuta, majombowo awazondotse pa mtengo kuti aume. Asapalase nao njinga ulendo wa ku msika.

Nsapato za nsalu za zingwe, zija za ochita maseŵera, ndizo zimene ndimalangiza anthu ambiri a kutupa kwapakatikati, malinga zikhale zotakata. Zingwe mungaziloŵetse modumpha zibowo za pamalo pamene patukuka kwambiri. Wopalasa apinde nsonga za zingwe m'kati kuti zisakodwe m'tcheni.

Nkhwaira za matayala anthu amazinyoza kuti n'zaumphaŵi, koma ine sindizinyoza. Pansi pake palibe munga wobooka, ndipo wosoka angazipange motsata phazi la mtundu uliwonse, ngakhale limene sitolo ilibe nsapato yake. Koma zisokedwe bwino. Matayala ambiri a masiku ano ali ndi mawaya m'kati, ndipo waya mmodzi wotuluka ndi wokwanira kuyambitsa chilonda; wosoka asankhe tayala lopanda waya. Malamba asokedwe ndi ulusi kapena amatidwe, asakhomedwe ndi misomali. Pamwamba pa tayala amatepo mphira wofeŵa wokhuthala ngati chala chaching'ono, ndipo pakhale lamba wa kuchidendene. Muuzeni wosoka asiye malamba aatali ndi zibowo zambiri.

Za masokosi: akhale a thonje, osathina. Mphira wa kukamwa kwa sokosi ukasiya mzere pamwendo, udulireni ndi lumo m'malo aŵiri. Muwavale chotembenuza kuti msoko ukhale kunja, ndipo muwachape tsiku ndi tsiku.

PHAZI LOSAMVA KUŴAŴA

Apa ndipo pagona ngozi yaikulu. Munthu wa mapazi abwino akaloŵa kamwala m'nsapato amaima n'kukachotsa, chifukwa kamamuŵaŵa. Wodwala shuga wa nthaŵi yaitali, kapena amene anadwalapo khate, angayende tsiku lonse ndi kamwala komweko.

Kale anthu, ngakhale madokotala, anali kuganiza kuti khate lenilenilo ndilo limaoletsa zala ndi mapazi. Dokotala wina wa ku England, Paul Brand, amene anayamba ntchito ku Vellore m'dziko la India mu 1946, anaonetsa kuti si choncho. Khate limapha mitsempha yomvera, ndipo zilonda zimabwera chifukwa cha kupsa, kubayidwa ndi kukhulidwa kumene munthu sakukumva. Iye ndi anzake anayamba kupangira odwala nsapato za mphira wofeŵa m'kati ndi zolimba pansi, ndipo mapazi ambiri anapulumuka. Nzeru yomweyo ndi imene ikuthandiza odwala shuga lero. M'Malaŵi muno khate linachepa kwambiri pofika 1994, koma silinatheretu. Banga lotuŵa losamva kukhudza lifunika kuonetsa ku chipatala, kumene mankhwala ake ndi aulere ndipo amamwedwa miyezi 6 kapena 12.

Ngati mapazi anu ali ndi dzanzi, maso ndi manja agwire ntchito imene phazi laleka. Musanavale nsapato, muikutumule ndi kuloŵetsamo dzanja. Koma muyambe mwaigogoda pansi, pakuti chinkhanira ndi nankalizi zimakonda kugona m'nsapato. Nsapato yatsopano muivale ora limodzi lokha tsiku loyamba, muvule, muyang'ane. Malo ofiira kapena oderako amene sakubwerera patapita theka la ora akutanthauza kuti nsapato ikukanikiza pamenepo. Pitani nayo kwa wosoka. Muonjezere nthaŵi pang'onopang'ono, ndipo musayambire ulendo wautali nsapato yatsopano. Masokosi oyera ndi abwino koposa, popeza magazi kapena mafinya amaonekera msanga. Madzulo alionse muone pansi pa phazi ndi pakati pa zala, ndi kalilole kapena mothandizidwa ndi mdzukulu wa maso akuthwa. Musaothe moto mapazi ali pafupi, ndipo madzi osamba muyambe mwawayesa ndi chigongono.

Ena amati, ngati nsapato zili ndi milandu yotere, bwanji osangoyenda chabe monga makolo athu? Yankho ndi lakuti phazi lotupa lopanda nsapato lili pa minga, pa magalasi osweka, pa mchenga wotentha, pa matekenya, ndiponso pa njoka za m'mimba zija zoloŵera pakhungu la kuphazi, zimene zimayamwa magazi n'kuonjezera kutupa komweko.

MWENDO UMENE SUPHWANSO

Pali kutupa kwina kumene kukakhalitsa sikusiyanso kadzenje. Khungu limakhuthala, limapindika makwinya, ndipo mwendo umalemera. Matenda ameneŵa, amene ena amati mtchetcha, amayamba ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, timene timatseka timitsempha ta madzi tija. Anali ochuluka makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Karonga. Kuyambira 2008 kufikira 2014 boma linagaŵa mankhwala a ivermectin ndi albendazole chaka ndi chaka pafupifupi m'maboma onse, ndipo mu 2020 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linavomereza kuti matendaŵa salinso chiopsezo kwa anthu a m'Malaŵi. Koma mankhwala aja amapha tinyongolotsi, saphwetsa mwendo umene unatupa kale, motero amene anatupa akadali nafe m'midzimu, ndipo ambiri a iwo analeka kuvala nsapato zaka zapitazo.

Chimene chimakulitsa mwendo wotere ndi kudwala kobwerezabwereza: tizilombo timaloŵa pa mng'alu kapena pakati pa zala, mwendo umafiira ndi kutentha, mwanabere amatupa, munthu amanjenjemera ngati wa malungo. Kudwala kulikonse kotere kumasiya mwendo utakula kuposa kale. Nsapato ndi sopo ndizo zimatseka khomo la tizilomboto. Tsukani mwendo tsiku ndi tsiku ndi sopo ndi madzi oyera osatentha, kuloŵa m'makwinya monse ndi pakati pa zala. Pukutani mosakhula ndi nsalu yoyera kufikira pouma. Khungu louma lidzoleni mafuta, koma pakati pa zala pakhale pouma. Usiku ikani mwendo pa mtsamiro kapena pa thumba kuti ukwere kuposa chiuno. Nsapato yake ndi ya kwa wosoka, ya malamba atatu kapena anai, yopimidwa madzulo. Tsiku limene mwendo wafiira ndi kutentha musavale nsapato yothina, musapalase njinga, muufunditse nsalu yonyoŵa ndi madzi ozizira, ndipo akunyamuleni kupita ku chipatala.

Ndiyenera kunenapo za mphini. Ndikudziŵa kuti achibale amatemera mwendo wotupa chifukwa cha chikondi, pofuna kuti madzi oipa atuluke. Madzi satha mwa njira imeneyo, ndipo mphini iliyonse ndi khomo latsopano la tizilombo. Kumanga mwendo ndi mphira wa chubu cha njinga nakonso kumatsekereza magazi. Bandeji yothandiza kutupa ilipo, koma imangidwe ndi amene anaonetsedwa kamangidwe kake ku chipatala, pakuti si mwendo uliwonse umene umaloledwa kumangidwa.

TSIKU LA ULENDO

Nyamukani m'mamaŵa kusanatenthe. Valani nsapato mutangodzuka, phazi lisanakule, ndipo mumange mosathinitsa, chala chimodzi chizitha kuloŵa kunsi kwa lamba. Pangolo musakhale kumbuyo miyendo ili kunja. Khalani m'kati, mutsamire, miyendo muitambasule pa thumba kapena pa mtolo wa udzu. Panjinga ya kabaza sankhani yokhala ndi tizitsulo topondapo ndi kaliyala wa siponji. Pa njinga yamoto kwerani ndi kutsikira mbali yopanda paipi ya utsi. Muli chikhalire, gwedezani mapazi, zala m'mwamba, zala pansi, kakhumi kapena kuposa, mobwerezabwereza. Kumeneko ndiko kupopa mjigo uja. Likatha ora limodzi, pemphani woyendetsa aime, mutsike, muyende pang'ono ndi kukhwefula malamba. Wa kabaza angadandaule za nthaŵi, choncho mugwirizane naye musananyamuke.

Ngati mumapalasa nokha ndipo adokotala sanakuletseni chifukwa cha mtima, pitirizani, kumathandiza. Pedulo imene mphira wake unatha n'kutsala chitsulo chokha muisinthe, chifukwa chitsulocho chimakanikiza malo amodzi a phazi njira yonse. Amene ali ndi chilonda pansi pa phazi asapalase ndipo asachiponde kufikira chitapola.

Mukafika ku chipatala, pamene mukudikira pa mzere, ikani mapazi pa katundu wanu. Poloŵa kwa adokotala vulani nsapato zonse ziŵiri ngakhale sanakuuzeni, ndipo muwaonetse mapazi pamodzi ndi nsapato zimene mumavala masiku onse, osati zobwereka za tsikulo. Nsapato yakale imaonetsa pamene phazi likukanikizika.

Bambo a ngolo aja ndinakumana naonso chaka chotsatira pa msonkhano wa komiti ya mjigo. Majombo aja anawapereka kwa wosoka, amene anawadula kukhala aafupi, nang'amba pamwamba pake, naikapo malamba atatuatatu. Amawavala popita ku tchalitchi pokha, ndipo panjinga amavala za nsalu. Anandiuza kuti mnyamata wina wa m'mudzi mwao amene anali kubwerera ku Joni anampatsira katoni ya phazi ndi luzi la mfundo ziŵiri, kuti akapereke kwa mwana wao.